Hatchi yachilendo pabwalo: tiidya kapena itidya?

Wa ku Ndirande: Mwaswera bwanji akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani, koma mundimvere kaye musanayambe ma kkkk anuwo. Mpira wandikwana. Masabata atatu otsatizana timu imodzi yokha ndi imene ikundiphera tikiti, ndiye ndinaganiza zosuzumira kwina. Kuyambira mwezi wathawu ndikutsatira mipikisano ya mahatchi ya ku England ndi ku South Africa, ndipo ndaonamo kanthu. Pali mipikisano ya mahatchi amene sanawinepo chibadwire, amati maiden. Mmenemo mumadzaza tiana ta zaka ziwiri, tina tikuponda bwalo koyamba. Anthu amatiunjikira ndalama poti bambo wake anali katswiri, kapena poti tinagulidwa modula, koma geti yoyambira mpikisano ikatseguka timangoti kakasi. Ndiye ine ndikuti bwanji tizibetcha zoti hatchi yotereyo iluza? Yowina tisavutike nayo. Ife tingodziwa yoluza basi.

Kabaza wa pa Kameza: Mahatchi ake ati aise, a pa sikirini ya mu shopu aja? Aja ndinawasiya kalekale, nambala 4 inandidyera ya mafuta tsiku lonse.

Wa ku Ndirande: Ayi amwene, aja ndi zidole, kompyuta imangotola nambala. Ndikunena enieni, opuma mpweya, othamanga ku Newmarket, ku Turffontein, ku Greyville.

Amayi a ku Zingwangwa: Mwana wanga, hatchi unayamba waionapo ndi maso ako? Ine ndinaiona kamodzi pa Zomba Plateau itabereka mlendo, ndipo sindinayandikire. Lero wa pa Ndirande ndi amene akudziwa imene iluze ku England?

Wa ku Ndirande: Mayi, ngakhale Arsenal sitinaionepo ndi maso koma timaiikira ndalama sabata iliyonse.

Amayi a ku Zingwangwa: N'chifukwa chake mumayenda wapansi kuchoka ku Ginnery Corner.

Kabaza wa pa Kameza: Kkkkk amayi mwamuswa.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Tisamuthamangitse, nkhaniyi ili ndi pogwira. Zimene akunenazi zimatchedwa lay. Mu shopu zathu zino ife timabetcha zoti chakuti chiwina, kampani ndi imene imaima mbali yoti sichiwina. Lay ndi kulanda mpando wa kampaniyo. Zimachitikira pa exchange, ngati Betfair imene inayamba mu 2000 ku Britain, pamene anthu amabetcherana okhaokha, eni malo n'kumangodula kangachepe pa zimene wawina. Koma mphwanga, mpando umenewo uli ndi minga. Ukaika lay ya K10,000 pa hatchi ya ma odds (mtengo wake pobetcha) a 4.0, ikaluza iwe walandira K10,000 ya mnzakoyo. Ikawina ukumulipira K30,000. Ya 11.0 ikawina ukulipira K100,000. Kodi mbali imeneyi unaiwerengera?

Wa ku Ndirande: Ndinawerengera aphunzitsi. Ndili ndi kope, sindinaikepo ndalama yeniyeni, ndikungolemba ngati ndaika K10,000 paliponse. Mahatchi 14 atsopano, 12 analuza, awiri okha ndi amene anawina, ina pa 3.5 ina pa 5.0. Ndikachotsa 5 peresenti ya eni malo, 12 aja andipatsa K114,000. Awiri aja andilanda K65,000. Ndatsala ndi K49,000 ya bwerere. Mwezi umodzi umenewo. Ndiye pempho langa ndi ili: tisonkhe K20,000 aliyense, achemwali a ku Leicester atiikire kumeneko, kumapeto kwa mwezi tigawana.

Achemwali a ku Leicester: Dzina langa latchulidwa ndili pa ntchito ya usiku. Ndiyankha ndikadzuka, koma yambani kufuna wina.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Tanditumizira chithunzi cha kopelo.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Ndaliona. Dzanja lako ndi labwino kuposa ana anga a Fomu 3. Koma taona ichi. Ndawerengera ma odds a mahatchi 14 onsewo, pakatikati akugwera cha pa 7.0. Ma odds a 7.0 ndiye kuti msika ukunena kuti mwa mahatchi 7 otere imodzi iwina. Mwa 14 ziwina ziwiri. Nanga kwa iwe zawina zingati? Ziwiri. Ndiye kuti sunatulukire chinsinsi chilichonse, wangolemba zimene msika unanena kale. Phindu lakolo labwera chifukwa ziwiri zimene zinawinazo zinali zotsika mtengo. M'kope momwemu muli ya 9.0 ndi ya 8.0. Zikanawina zimenezo ukanalipira K150,000, bwenzi pano uli ndi ngongole ya K36,000.

Wa ku Ndirande: Koma zotsika mtengozo ndi zimene zimawina kawirikawiri, si mwangozi ayi.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Pamenepo wanena zoona, ndavomera. Koma zodulazo sizilephera mpaka kalekale, zimangochedwa. Ndipo kangachepe ka eni malo kaja usakapeputse. Tiyerekeze waika lay kanayi pa 4.0, msika n'kukhala kuti unalondola, imodzi yawina zitatu zaluza. Walandira K9,500 katatu, ndiyo K28,500. Walipira K30,000. Waluza K1,500 pomwe sunalakwitse chilichonse. Kuti udye pamafunika kuti anthu azilakwitsa mtengo wa mahatchi atsopanowo, osati kungoti mahatchiwo amaluza. Pa mpikisano wa mahatchi 12, 11 amaluza ndithu, atsopano ndi akale omwe. Ngakhale favourite, hatchi imene msika ukuipatsa mwayi waukulu, imawina pafupifupi kamodzi pa mipikisano itatu, ndipo m'mipikisano ya maiden imawina kawirikawiri kuposa mu handicap momwe amasenzetsa zolemera kuti mahatchi afanane mphamvu.

Kabaza wa pa Kameza: Ine masamu ndinathawa ku pulayimale, andipezanso pa WhatsApp.

Madala a ku Bangwe: Ndakhala ndikuwerenga chete. Mundilole ndiyankhulepo, poti ine ndowe za nyama zimenezi ndazola ndi manja angawa. Ndinakhala zaka zingapo ku Joni ndikusamala mahatchi pa khola lina cha ku Midrand. Ntchito yake timadzuka 4 koloko m'mawa, kuzizira kwa June kuja kolowa m'mafupa, kusesa khola, kupesa hatchi, kuimanga chishalo, kenako okwera n'kupita nayo kokathamanga.

Mnyamatayu sakunama kuti hatchi yatsopano imachita uchitsiru. Ndinali nayo ina yofiirira, yamphongo yosafula, yokongola moti alendo ankaijambula. Kunyumba inkathamanga ngati mphepo. Tsiku loyamba kupita nayo ku mpikisano, titangoitsitsa mu lole, inamva zokuzira mawu n'kuyamba kunjenjemera. Thukuta loyera ngati thovu la sopo linatuluka m'khosi ndi pakati pa miyendo. Inkalira kuitana anzake, makutu uku ndi uku, dzanja langa chingwe chinandisupula. Pa geti anthu anayi anachita kugwirana manja kumbuyo kwake kuti ilowe. Geti itatseguka anzake anapita, iyo inayamba yaima kaye ngati ikufunsa kuti kwagwanji. Mpikisano wa mamita 1,000 sudikira munthu, umatha mu mphindi imodzi. Inafika kumapeto ili m'gulu la m'mbuyo, mpweya udakali wambiri, itangoyamba kumene kumvetsa chimene tabwerera.

Koma mverani mbali inayo. Chaka chomwecho tinali ndi kamsoti kena kosaoneka bwino, kofatsa ngati bulu. Palibe mlendo anakajambulapo. Ife a m'khola tinkadziwa kuti m'mawa kamasiya mahatchi akuluakulu amene anawinapo kale. Tsiku lake loyamba kanalowa pa geti ngati kakulowa m'khola mwake, n'kuwina mosavuta. Ife tonse tinali titaikapo kangachepe. Funso langa kwa iwe mwana wanga ndi lakuti, ukamaika lay yako pa Ndirande, amene akutenga mbali inayo ndi ndani? Nthawi zina ndi munthu wongotengeka ndi dzina la bambo wa hatchi. Nthawi zina ndi munthu amene anaiona ikuthamanga Lachiwiri m'mawa, wotchi ili m'manja. Iwe sungawasiyanitse.

Amayi a ku Zingwangwa: Mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa. Akuluakulu ananena kale.

Wa ku Ndirande: Madala, ulemu wanu. Koma nkhani yanu yoyambayo ikundivomereza ine. Ndipo si yanu yokha. Secretariat, hatchi imene anthu ambiri amati palibe inzake ku America, mpikisano wake woyamba pa 4 July 1972 ku Aqueduct inathera pa nambala 4, itagundidwa poyambira. American Pharoah inathera pa nambala 5 ku Del Mar mu 2014, chaka chotsatira n'kutenga Triple Crown, kutanthauza kuwina mipikisano itatu ikuluikulu ya ku America. Sea The Stars inayamba ndi nambala 4 ku Curragh mu 2008. Ngati akatswiri oterewa analuza tsiku loyamba, kuli bwanji wamba?

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Wasankha zokukomera. Nanga Frankel? Inayamba mu August 2010 ku Newmarket, n'kuwina tsiku loyamba lomwelo, ndipo inapuma itathamanga ka 14 osagonjapo. Imene inabwera pambuyo pake tsiku limenelo, Nathaniel, nayonso inali yatsopano, ndipo chaka chotsatira inawina mpikisano waukulu wa King George ku Ascot. Ukanakhala ndi kope lako tsiku limenelo ukanalemba lay pa zonse ziwiri.

Madala a ku Bangwe: Onjezanipo Justify aphunzitsi. Ku America anthu ankakhulupirira kuti hatchi imene sinathamangepo ili ndi zaka ziwiri singawine mpikisano waukulu wa Kentucky Derby, poti chichitikireni ndi Apollo mu 1882 panalibenso ina. Lamulo limenelo linadyetsa anthu zaka zoposa 130. Mu 2018 Justify, imene inayamba mipikisano mu February chaka chomwecho, inawina mu May. Amene anazolowera kuika zambiri pa lamulolo anaona polekera.

Wa ku Ndirande: Koma zaka 130 akudya madala! Ine zitandipatsa zaka 10 zokha ndamanga nyumba ku Chileka.

Kabaza wa pa Kameza: Apa wayankha bwino, tisamunamize.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Derby imachitika kamodzi pachaka. Iwe ukufuna uzichita katatu patsiku.

Achemwali a ku Leicester: Ndadzuka. Moni nonse, moni madala. Ndawerenga zonse ndipo yankho langa ndi ayi, zifukwa zake zitatu kapena zinayi, kaya.

Choyamba akaunti imakhala ya munthu mmodzi. Amafuna chiphaso, adiresi, nthawi zina mpaka umboni wa kumene ukupeza ndalama. Akaona kuti ndikuikira anthu ena akhoza kuitseka ndalama zili momwemo, ndiye ndidzakuuzani chiyani? Chachiwiri, pa exchange salola kuika lay ulibe ndalama yolipira ukaluza. Ukafuna kuwina 10 pounds pa hatchi ya 8.0, amayamba agwira 70 pounds yako mpaka mpikisano uthe. Ndiye K20,000 zanu zija mukaziphatikiza n'kuzisintha, mwina zikwana lay imodzi kapena ziwiri. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, inu mukuganiza kuti paundi idakali ya kale ija? Ndipo ikadzawina hatchi imodzi ndalama n'kutha, pagulu pano padzamveka zoti achemwali adya ndalama zathu ku UK. Ndimakudziwani.

Ku bwalo la mahatchi la kuno ku Leicester ndinapitako kamodzi ndi anzanga a kuntchito. Zimene akunena madala ndinaziona. Asanathamange amawazungulitsa pa kabwalo kakang'ono kuti anthu awaone. Panali azibambo ena achikulire atatsamira mpanda, osayankhula, akungoyang'ana miyendo ndi khosi la hatchi iliyonse. Ina itayamba kuvuta ndi kutuluka thukuta, ndinaona akutulutsa mafoni, ndipo pa bolodi mtengo wake unakwera ndikuona. Pasanathe mphindi ziwiri. Iwe mchimwene wanga uli pa Ndirande, netiweki ikuzungulira, chithunzi chikufika mochedwa. Pamene uzidzati ndaona thukuta, mtengo unasintha kale.

Wa ku Ndirande: Achemwali mwandiphera maloto.

Achemwali a ku Leicester: Bola maloto kusiyana ndi chibale.

Mlamu wa ku Machinjiri: Ine ndifunse mwaumbuli. Popeza kuno lay kulibe, munthu sangangobetcha mahatchi ena onse otsalawo kusiya yatsopanoyo? Si chimodzimodzi?

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Mlamu, pa pepala ndi chimodzimodzi, m'thumba ayi. Kampani imaika phindu lake mu mtengo wa hatchi iliyonse. Mukatembenuza ma odds onse a mpikisano umodzi kukhala maperesenti n'kuwaphatikiza, sakwana 100 ndendende, amapitirira. Chopitiriracho ndi chakudya cha kampani. Mukagula mahatchi 9 mwa 10 mwalipira phindu limenelo ka 9. Zili ngati kugula tomato yense pa benchi ku Limbe kuti mutsimikize kuti mwapeza wabwino.

Mlamu wa ku Machinjiri: Ndamva. Ndibwerere ku Maule anga.

Admin: Ndingokumbutsa kuti asatumize munthu link ya masamba achilendo pano. Sabata yatha wina anaika ina yoti imalandira Airtel Money ndi Mpamba pa nambala ya munthu. Kampani yopanda chiphaso cha MAGLA, bungwe loyang'anira za juga kuno ku Malawi, ikakudyerani mulibe kokadandaula. Komanso muli ana a sukulu m'nyumba zanu amene amagwira mafoni anu, juga ndi ya oyambira zaka 18.

Amayi a ku Zingwangwa: Apo mwanena. Mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe anayamba ndi K500 pa kandege, pano mbaula ya magetsi ya mayi ake ili kwa wakatapila. Nayenso anali ndi kope.

Wa ku Ndirande: Mayi, ine si wa kandege. Kandege ndi mwayi basi. Izi n'zofuna kuwerenga.

Madala a ku Bangwe: Ngati ukufunadi kuwerenga, ndikuuze zoyenera kuwerenga, poti kuti yatsopano basi sikokwanira. Uyambe ndi mwezi umene inabadwa. Ku South Africa mahatchi onse amawawerengera chaka chatsopano pa 1 August, ku England pa 1 January. Ndiye ziwiri zikhoza kulembedwa zaka ziwiri, koma ina inabadwa miyezi itatu patsogolo pa inzake. Pa msinkhu umenewo miyezi itatu ndi yambiri, zili ngati mwana wa Sitandade 8 kulimbana ndi wa Sitandade 6. Kenako mphunzitsi wake. Alipo amene amakonzekeretsa hatchi kuti iwine tsiku loyamba lomwelo, geti anaiphunzitsa kambirimbiri, ngati Wesley Ward wa ku America amene amadziwika ndi tiana tothamanga msanga. Alipo ena amene tsiku loyamba amalitenga ngati sukulu, amauza wokwera kuti usaimenye, ingoona mmene zimakhalira. Ukawasakaniza awiriwa m'kope limodzi ndiye kuti sukuwerenga kanthu. Uonenso amene wakwera. Khola likakhala ndi mahatchi awiri mu mpikisano umodzi, wokwera wawo wamkulu sakwera yofooka. Ku Australia ndi ku Hong Kong amachita zoyeserera za pa geti zimene anthu amaonera, ndiye kumeneko yatsopano si yachilendo kwenikweni.

Ndipo pali china chimene ambiri sadziwa. Imene ndinkaikayikira ine si yatsopano ayi, koma imene yathamanga ka 8 osawina, nthawi zonse nambala 2 kapena 3. Anthu amaikonda poti ili ndi mbiri yooneka. Koma ina mwa imeneyo safuna kupitirira inzake, ikafika pambali pa yotsogola imakhutira. Tinali nayo yotero, tinaivala zophimba m'mbali mwa maso, tinaifula, tinasintha wokwera, koma ayi ndithu. Ukanati uzibetcha zoti yotereyo iluza, mwina ndikanakumvera pang'ono.

Wa ku Ndirande: Ndiye kuti njira ilipo, kungoti ndinalakwitsa hatchi yake!

Madala a ku Bangwe: Ndati pang'ono. Azibambo otsamira mpanda aja nawonso amaidziwa.

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Ine pempho langa ndi limodzi. Pitiriza kopelo, ndalama usaike. Ufike mahatchi 300, uzilemba mtengo wake usanayambe mpikisano, osati utatha, ndipo usadumphe tsiku limene zakuvuta. Pa 14 palibe chimene tingadziwe, ngakhale ndalama yachitsulo ukaiponya ka 14 ikhoza kukunamiza kuti ili ndi mbali imene imaikonda.

Wa ku Ndirande: Chabwino. Kuti musati ndimalemba utatha, nazi za lero. Mpikisano wa maiden wa 3 koloko ku South Africa, nthawi yake ndi imodzi ndi yathu. Muli zatsopano ziwiri, nambala 3 ili pa 3.0, nambala 9 ili pa 11.0. Zonse ziwiri ndalemba lay. Mboni ndinu.

Kabaza wa pa Kameza: Ndaimika njinga pa mthunzi, ndikudikira.

Mlamu wa ku Machinjiri: Kwathu magetsi angozima kumene. Mundiuze.

Wa ku Ndirande: Nambala 3 yatsalira pa geti! Ndinanena ine! Aphunzitsi mukuona?

Kabaza wa pa Kameza: Nanga ya chipewa chobiriwira ikubwera kunjaku ndi nambala chani?

Kabaza wa pa Kameza: Aise?

Kabaza wa pa Kameza: Wa ku Ndirande, foni yagwa?

Aphunzitsi a ku Chilomoni: Ndi nambala 9. Nambala 3 yakupatsa K9,500, nambala 9 yakulanda K100,000. K49,000 ija tsopano ndi ngongole ya K41,500. Ulembe ndi cholembera chofiira.

Wa ku Ndirande: Kunena zoona nambala 9 ija ndinalemba ndi pensulo. Mtima sunali pamenepo kwenikweni.

Amayi a ku Zingwangwa: Kkkkk mwana iwe. Pensulo yomweyo ukanagwiritsa pa K20,000 yanga?

Achemwali a ku Leicester: Ndasunga chithunzi cha uthenga wako wa 2:40, pensulo sikuoneka.

Madala a ku Bangwe: Musamuseke kwambiri. Koma mwaiona mmene inathamangira? Theka loyamba inkangoyang'ana uku ndi uku, mutu m'mwamba, wokwera akuikankha ndi manja osaimenya. Itangoona mpata kunja n'kutsitsa khosi, basi. Imeneyo sinadziwebe ntchito yake, yawina ndi mphamvu chabe. Nambala 3 nayonso musaitaye, yataya mautali a hatchi anayi kapena asanu pa geti koma kumapeto inali ikubwera. Ndikufuna ndidzaione ulendo wachiwiri.

Wa ku Ndirande: Madala, Loweruka muli kuti? Ndikufuna tidzaonere limodzi, muzindionetsa zimene mumayang'anazo. Fanta ndigula ine.

Madala a ku Bangwe: Ndipeze ku Limbe cha m'ma 1 koloko, ndikatuluka ku msika. Ubwere ndi kopelo, pensulo usiye kunyumba.

Kabaza wa pa Kameza: Wokutengani ndine, K3,000 kupita ndi kubwera. Ya pa pepala sindilandira.